Popanda alawansi sindikhala pansi: zimene kagawo kochepa m'filimu kanandibweretsera

Masiku ano si zachilendo kuona achinyamata atanyamula kamera ndi maiki yomangirira ku ndodo yaitali akuzungulira m'misika ndi m'midzi ya kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza. Ambiri amachokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo chimene chimawakoka ndi mapiri athu, nkhungu ya m'mawa m'miyezi yozizira, ndiponso msika ngati wa pa Lizulu, umene umaoneka bwino pa kanema popanda munthu kuwononga ndalama poukongoletsa. Akafika amafuna anthu a komweko, ena oti angodutsa kumbuyo atasenza dengu, ena oti ayankhule mawu awiri kapena atatu. Ndikulembera anthu amene amapemphedwa tizigawo tating'ono totere, chifukwa ine ndinali mmodzi wa iwo m'chaka cha 2023, ndipo zotsatira zake zinakula kuposa kagawo kamene ndinasewera.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndipo kwa nthawi yaitali ndakhala ndikutsogolera gulu la zisudzo pasukulu pathu. Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa kale, yemwe tsopano amajambula makanema mumzinda, anabwera ndi anzake kudzandipempha kuti ndiwathandize. Anandifotokozera nkhani ya filimu yawo tili pakhonde, ndipo ndinaseka mpaka misozi.

Nkhaniyo inali ya bambo wogulitsa kachewere pamsika. Tsiku lina akuthamangitsa mbuzi imene yamugwetsera mulu wa mbatata, alowa mwangozi pamalo pamene gulu lina la mumzinda likujambula filimu yachikondi, n'kuyamba kulalatira mnyamata amene wagwada pofunsira mbeta kuti akutseka njira ya makasitomala. Wojambula sazimitsa kamera, kachidutswako kafalikira m'mafoni, ndipo pakutha pa sabata bambo uja wasanduka katswiri wa mafilimu osadziwa ngakhale pamene kamera imayang'ana. Eni filimu achotsa mnyamata wawo wotchuka n'kuikapo iye, koma apeza kuti satha kuloweza mawu ndipo amaseketsa pokhapokha akapsadi mtima, choncho alemba ganyu anyamata oti azimubera mbatata nthawi iliyonse kamera ikayatsidwa. Bungwe lina limusandutsa kazembe wa ukhondo, mneneri wina alengeza kuti anaziona kale m'masomphenya, abale amene sanawaonepo atulukira ndi mavuto awo, ndipo aitanidwa kukalandira mphoto imene ayenera kulipira yekha thiransipoti, suti ndi mpando wokhalapo. Pomaliza benchi yake pamsika yatengedwa ndi wina, m'thumba mulibe kanthu, chifukwa aliyense amene anamugwiritsa ntchito anamuuza kuti malipiro ake ndi kutchukako. Mpaka lero ndimaona kuti inali nkhani yolembedwa mwanzeru, yoseketsa koma yoluma, ndipo imene inkalumidwa kwambiri inali ntchito yawo yomwe ya anyamatawo.

Ine anandipatsa gawo la wapampando wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi. Ojambula a m'nkhaniyo amabwera kudzapempha chilolezo chojambula kwawo kwa wogulitsa kachewere uja, ndipo wapampando amafika mochedwa atavala jekete, fayilo ili m'khwapa. Akamupatsa mpando amauyang'ana, n'kunena mwaulemu wonse kuti: "Popanda alawansi, ine sindikhala pansi." Amaima msonkhano wonse dzuwa likuswa mtengo, miyendo n'kuyamba kunjenjemera, kenako amafunsa mlembi wake monong'ona ngati kutsamira mtengo kumawerengedwa kuti ndi kukhala. Pamapeto gogo wina wamkazi amadzuka pamphasa, n'kumukumbutsa kuti mjigo wa m'mudzimo wakhala wowonongeka chifukwa komiti yake sikumana popanda envulopu, kenako amatenga mpando uja n'kukhalapo yekha. Phunziro lonse la gawolo linali m'mawu a gogoyo. Wapampando anali chitsiru choti anthu achiseke, ndipo aliyense amene wakhalapo pamsonkhano wa chitukuko m'dziko muno amamudziwa munthu wotere.

Tinajambula mu Julaye, kukuzizira kwambiri. Panalibe pepala lililonse limene tinalemberana. Wotsogolera anangoti, "Bambo, tidzakuganizirani filimu ikatuluka," ndipo anatchula ndalama mongodutsa. Popeza gululo linalibe zovala za osewera, anandipempha kuti ndibwere ndi jekete yangayanga, imene ndimavala kusukulu ndi kutchalitchi. Malo amene anasankha anali pansi pa mtengo pamene mudziwo umachitiradi misonkhano yake, ndipo anthu amene anakhala pamphasa anali eni mudzi enieni, ambiri a iwo atagwira mafoni m'manja. Kwa ojambula zonsezi zinali mwayi, chifukwa chithunzi chinaoneka chamoyo. Zinthu zitatu zomwezi, jekete, mtengo ndi nkhope zodziwika, ndi zimene zinadzachititsa kuti anthu asakhulupirire kuti linali sewero.

Filimu imatenga nthawi kuti ikonzedwe pa kompyuta, makamaka ngati okonzawo ali ndi ntchito zina zowadyetsa. Isanatuluke n'komwe, kachidutswa kojambulidwa ndi foni ya mmodzi wa owonerera kanayamba kuyenda pa WhatsApp. Kanali kosakwana masekondi 30, kongoonetsa ine ndikukana mpando, kopanda dzina la filimu, kopanda kamera ya ojambula m'mbali, ndiponso kopanda gogo uja. Kenako munthu wina, amene mwina ankandidziwa nkhope, analembapo mawu akuti mphunzitsi wa ku Ntcheu wakana kukhala pansi pamsonkhano wa makolo mpaka atalandira alawansi. Ndi mawu amenewo kanakwera pa Facebook ndi pa TikTok.

Poyamba zinali zosangalatsa, sindingabise. Anyamata a kabaza pa Lizulu ankandikuwira kuti "Bambo Alawansi!", ndipo kondakitala wina wa minibasi anandipukutira mpando n'kunena kuti, "Khalani pansi, madala, alawansi mukalandirira ku Dedza." Zinasintha pamene nthabwalayo inalowa m'kalasi. Ana akaimirira kupereka moni mphunzitsi amawauza kuti akhale pansi, ndipo m'mawa wina mawu aang'ono anachokera kumbuyo akubwereza chiganizo changa chija, kalasi yonse n'kuphulika ndi phwete. Zimenezo ndikanatha kuzipirira, pakuti ana ndi ana. Chimene chinandilemera chinali makolo. Pamsonkhano wokambirana za ndalama zokonzera zimbudzi za sukulu, bambo wina anafunsa mosaseka ngati ndalamazo sizithera m'matumba a aphunzitsi okonda alawansi, ndipo maso onse anatembenukira kwa ine. Pamaliro ena, pamene kale ndinkapemphedwa kuwerenga mndandanda wa chipepeso, ntchitoyo inapatsidwa kwa wina popanda wondiuza chifukwa.

Mayi a kunyumba anandilandira madzulo ena ndi mawu akuti, "Bambo, achemwali anga aimba foni kuchokera ku Johannesburg kufunsa ngati ntchito yakutherani. Ndiwayankhe kuti chiyani?" Tsiku lotsatira ahedi anandiitanira mu ofesi. Iwo ankadziwa zonse, popeza ndinawauza ndisanapite kukajambula, koma anati, "Aphunzitsi, ine ndikudziwa kuti linali sewero, koma amene ali pamwamba pathu kunalibeko. Mundibweretsere chinthu cholembedwa choti ndiwaonetse akafunsa." Panthawiyo ndinalibe chilichonse cholembedwa.

Anzanga ena ankanditonthoza ponena kuti dzina la m'sewero kukakamira munthu ndi chizindikiro chakuti anasewera bwino. Ankatchula John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene dziko lonse linkawadziwa kuti Izeki ndi Jakobo mpaka tsiku la imfa yawo, ndiponso Michael Usi, amene anthu sanasiye kumutchula kuti Manganya ngakhale atakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024. Koma nkhani yawo ndi yanga n'zosiyana. Iwo anasankha okha maina amenewo, anawamanga kwa zaka zambiri pamaso pa anthu odziwa kuti akuonera sewero, ndipo mainawo ankawabweretsera ntchito. Langa linabwera ndi bodza lakuti si sewero, ndipo linkandichotsera ulemu umene ntchito yanga yeniyeni imadalira. Wofanana nane pang'ono ndi N!xau, mlimi wa ku Namibia amene Jamie Uys anamuika m'filimu ya The Gods Must Be Crazy ya mu 1980, imene ambiri a ife tinaionera m'tinyumba ta vidiyo tili ana. Nkhope yake inadziwika dziko lonse lapansi, filimuyo inapanga ndalama zankhaninkhani, koma malipiro ake oyamba anali ochepa kwambiri, ndipo anadzalandira zooneka pa filimu yachiwiri, atadziwa kukambirana mtengo asanaime pa kamera.

Filimu yathu itatuluka, inaonetsedwa mu holo ina ku Lilongwe kenako n'kuikidwa pa YouTube. Amene anaionera yonse anali ochepa poyerekeza ndi amene anaona kachidutswa kaja. Mnyamata amene anasewera wogulitsa kachewere, yemwe anagwira ntchito yaikulu ndipo anaigwira bwino, ankatha kuyenda pamsika popanda womuzindikira, pamene ine wa chiganizo chimodzi sindinkatha kugula tomato mwamtendere. Tinaseka naye pa foni kuti filimu yonena za kutchuka mwangozi yachita ngozi yakeyake.

Za malipiro ndinene mwachidule. Anadzandipatsa kudzera pa foni patapita miyezi, ndalama yomwe ija inatchulidwa mu Julaye, koma pakati pake, mu Novembala 2023, kwacha inali itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, moti feteleza ndi sopo zinali zitakwera kale. Kuchokera ku kachidutswa kamene kanazungulira dziko sindinalandire ngakhale tambala, ndipo anyamatawo nawonso sanalandire, chifukwa kanali pamasamba a anthu ena. Sindikuwaimba mlandu wa umbava. Kamera inali yobwereka, galimoto inali ya malume a mmodzi wa iwo, ndipo chimene chinkawalimbitsa mtima chinali chakuti Joyce Mhango Chavula mu 2016 ndi Shemu Joyah mu 2018 anabweretsa kuno mphoto za Africa Magic Viewers' Choice Awards kuchokera ku Nigeria. Koma mphoto si msika. Ku Ntcheu ndi ku Dedza kulibe nyumba ya kanema yogulitsa matikiti, ndipo filimu ikangotuluka anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'mamemori khadi amaikopera n'kumagulitsa popanda mwini wake kuona kanthu. Choncho munthu akakuuzani kuti adzakulipirani filimu ikagulidwa, akhoza kukhala woona mtima ndithu, koma akulonjeza ndalama imene iye mwini sakudziwa kumene idzachokere. Ndi bwino kugwirizana ndalama yochepa yolandira tsiku lojambula lomwelo kusiyana ndi yochuluka ya m'tsogolo.

Panabweranso ena ofuna kudyerapo. Shopu ina yogulitsa mipando inatenga nkhope yanga n'kuiika pa chithunzi chotsatsira malonda, ndi mawu oitana anthu kuti adzakhale pansi popanda alawansi. Ndinaona kuti nthabwalayo inali yabwino, koma nkhopeyo inali yanga ndipo palibe anandipempha. Choopsa kwambiri chinachitika nthawi ya kampeni ya chisankho cha mu 2025, pamene wina anakuta kachidutswako ndi mitundu ya chipani pofuna kunyoza chipani china. Kwa munthu wogwira ntchito m'boma, amene saloledwa kuonetsa mbali pa ndale, chinthu chotere chikhoza kufika patali.

Chimene chinandithandiza kuposa zonse chinali kalata. Ndinapempha wotsogolera filimuyo kuti alembe, asaine ndi kuikapo nambala yake ya foni, kufotokoza kuti zimene zili m'kachidutswako ndi gawo la filimu yakutiyakuti, yojambulidwa mwezi wakutiwakuti, ndipo ine ndinali wosewera chabe. Ndinapereka makope kwa ahedi, kwa amfumu ndi kwa akulu a mpingo, chifukwa m'mudzi anthu amenewa akadziwa zoona, nkhani imafika kwa ena mwachangu kuposa mmene ine ndingaifikitsire. Ndinapemphanso anyamatawo kuti aike pamasamba awo gawo lonse lathunthu, kuyambira pamene wapampando akufika mpaka pamene gogo akutenga mpando, dzina la filimu likuoneka pakona nthawi yonse. Gawo lathunthulo ndinalionetsa kwa makolo pamsonkhano wotsatira, pa foni yolumikiza ku sipika. Bambo uja amene anafunsa za zimbudzi anaseka kuposa onse pamene gogo anayamba kuyankhula, ndipo potuluka anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Aphunzitsi, tinakulakwirani." Ana a m'kalasi mwanga nawonso ndinawaonetsa, n'kuwafunsa kuti amene akusekedwa m'gawolo ndani ndipo chifukwa chiyani, kuyambira pamenepo chiganizocho chinasiya kukhala chida chondigwetsera ulesi.

Kuyankha ndemanga za anthu pa intaneti sikunathandize konse, ndipo ndinasiya msanga. Munthu amene wakhulupirira kale kuti ndinu wadyera amaona kudziteteza kwanu ngati umboni wina. Kudandaula kwa eni Facebook kunachotsetsa tsamba limodzi kapena awiri, koma chimene chili m'magulu a WhatsApp palibe angachibweze.

Malamulo alipo, ndipo ndi bwino kuwadziwa. Lamulo la Copyright Act la mu 2016 siliteteza olemba ndi oimba okha koma limazindikiranso ufulu wa ochita zisudzo pa ntchito yawo ikajambulidwa, ndipo bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, ndi limene limayang'anira nkhani za umwini wa ntchito zaluso. Palinso lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act, la mu 2016 lomwenso, limene limaletsa kuzunza ndi kunyoza munthu kudzera pa intaneti. Pamene ndinapita kwa mwini shopu ya mipando uja ndi kalata yanga n'kumutchulira zimenezi mofatsa, anachotsa chithunzicho tsiku lomwelo ndipo anapepesa. Koma amene analemba mawu abodza poyamba sindinamudziwe, ndipo mphunzitsi wa kumudzi alibe nthawi kapena ndalama zoyendera makhoti pofunafuna munthu wosaoneka. Lamulo limagwira bwino ntchito pamene pali munthu wodziwika ndi pepala losainidwa, ndipo pepalalo liyenera kulembedwa kamera isanayatsidwe.

Siliyenera kukhala lalitali kapena la Chingerezi cha maloya. Tsamba limodzi la m'kope, lolembedwa m'Chichewa, n'lokwanira ngati likutchula dzina la filimu, gawo limene mukusewera, ndalama ndi tsiku lolandira, kumene filimuyo idzaonetsedwe, ndiponso kuti nkhope yanu sidzagwiritsidwa ntchito potsatsa malonda kapena pa ndale popanda chilolezo chanu chatsopano. Onse awiri musaine pamaso pa mboni, ndipo aliyense asunge lake. Musanavomere, pemphani kuwerenga gawo lanu lonse ndi zimene zikubwera patsogolo pake, kenako dzifunseni kuti munthu ataona masekondi ochepa okha a gawolo, osadziwa chilichonse, angaganize chiyani za inu. Filimu yodzudzula mwanthabwala ndi yoopsa kwambiri pa mfundo imeneyi kuposa yachikondi kapena yankhondo, chifukwa mphamvu yake ili pa kufanana ndi moyo weniweni, ndipo wosewera chitsiru akasewera bwino, chidzudzulo n'kudulidwa, chimene chimatsala ndi chitsirucho. Kanani kuvala zovala zanu za kuntchito. Chipewa chachilendo, ndevu zomata kapena jekete yaikulu mopitirira muyeso zimauza woonera kuti ili ndi sewero. Ngati muli pa ntchito, dziwitsani abwana anu mwa kalata osati pakamwa pokha. Ndipo ngati ofunidwa ndi ana, kholo lisaine, chifukwa mwana amene wasanduka nthabwala ya dziko alibe ahedi kapena amfumu oti akawaonetse kalata.

Nkhani ya mafoni a owonerera ndi imene ojambula ambiri saiganizira. M'mudzi simungathamangitse anthu pabwalo lawo, ndipo simungawalande mafoni. Chimene chimatheka ndi kupempha amfumu kuti alengeze okha, kujambula kusanayambe, kuti mafoni akhale m'matumba mpaka gawo litatha, kenako anthu apatsidwe mpata wojambulitsa ndi osewera mmene angafunire. Mawu a amfumu amamveka kuposa a mnyamata wachilendo wonyamula kamera.

Gulu lomwe lija linabweranso kudzandipempha kuti wapampando aonekere m'filimu yawo ina, popeza anali atazindikira kuti ndi iye amene anthu akumufuna. Ndinavomera, chifukwa zisudzo ndimazikonda ndipo munthu wa alawansi uja akufunikabe kusekedwa. Tinalemberana pepala pakhonde pomwepo, ahedi ali mboni. Pa ndalama sitinavutane. Pamene tinakokana ndi pa pempho langa lakuti ndione gawo langa lisanatuluke. Wotsogolera anaopa kuti ndidzayamba kumulamula kadulidwe ka filimu yake, ndipo anali ndi mfundo. Tinagwirizana kuti ndidzaliona koma sindidzasintha nkhani, kupatula ngati pali chinthu chondizindikiritsa monga mphunzitsi wa sukulu yathu, ndiponso kuti kachidutswa kalikonse kamene iwo adzatulutse kadzakhala ndi dzina la filimu pamwamba. Wapampando wa ulendo uno amavala jekete yofiira ya mabatani agolide ndi magalasi opanda mandala, zonse zogulidwa pa kaunjika ndi ndalama za gululo.

Kachidutswa koyamba kaja sikanafe. Nkhani ya ma alawansi ikangotchuka m'manyuzipepala, wina amakafukula n'kukatumizanso ndi mawu abodza omwe aja, ndipo pamapezeka munthu watsopano wondifunsa ngati zinachitikadi. Chithunzi cha kalata ija ndi gawo lathunthu la filimu ndimazisunga m'foni, ndipo wofunsayo ndimamutumizira zonse ziwiri popanda kuwonjezerapo mawu.